Antchito Obisika a M'mapesi

Ndagi! Gize! Nyumba yanga ndamanga ndi mzati umodzi. Palibe mwana wokulira kumudzi amene angalephere kuyankha kuti ndi bowa. Komatu ndagi imeneyi imangotiuza za chimene maso athu amaona. Bowa amene timazula m'dzinja ndi kachigawo kakang'ono chabe ka chamoyo chachikulu. Monga momwe bango liliri chipatso cha mtengo wa mango, bowa nayenso ndi chipatso. Thupi lenileni la chamoyocho limabisala m'dothi, m'chitsa chowola kapena pansi pa masamba ofumbwa, ndipo limaoneka ngati timaulusi toyera toyanga ngati ukonde wa kangaude. Timaulusi timeneti timagwira ntchito yaikulu imene anthu ambiri saidziwa, ntchito yosandutsa mapesi ndi zinyalala zina za m'munda kukhala manyowa. Kuti timvetse bwino za ntchitoyi, tiyeni tipite ku Mulanje.

Boma la Mulanje lili m'chigawo cha kumwera, kumalire ndi dziko la Mozambique. Limatchuka ndi phiri lake lalikulu limene nsonga yake, yotchedwa Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mitambo ikagunda phirili imagwetsa mvula yambiri, ndipo mitsinje monga Ruo, Likhubula ndi Lichenya siiphwa chaka chonse. Mvula yotereyi ndiyo inakopa alimi a tiyi. M'chaka cha 1891 mzungu wina dzina lake Henry Brown anadzala tiyi pa munda wa Thornwood, ndipo kuyambira pamenepo minda ya tiyi inafalikira m'tsinde mwa phirilo, n'kutenga malo aakulu ndithu.

Malo otsalawo ndiwo anthu amagawana. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 680,000. Motero mabanja ambiri ali ndi munda wosakwana n'komwe hekitala imodzi. Makolo athu akaona kuti munda waguga ankaugoneka zaka zingapo n'kukatsegula mphanje kwina. Lero mlimi wa ku Chonde, ku Nkando kapena ku Limbuli alibe kwina kopita. Munda womwewo ndi wa chimanga, womwewonso ndi wa nandolo, chinangwa, mbatata ndi kalongonda, chaka ndi chaka. Mbewu zimadya chakudya cha m'nthaka, mvula nayo imakokolola dothi lapamwamba. Namondwe wotchedwa Freddy, amene anawomba m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, anapha anthu ambiri, anagumula nyumba, ndiponso anasesa dothi lachonde m'minda yochuluka n'kusiya miyala ndi mchenga. Feteleza naye wakhala akukwera mtengo kwambiri kuyambira mu 2021, kotero kuti mabanja ena thumba limodzi lokha limawakanika. Kodi tsono nthaka yotopayi ipatsidwe chiyani?

Gawo lina la yankho limatsala m'munda momwemo anthu akatha kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe kapena m'matumba, mapesi amangoti mbwee m'munda monse. Pamakhalanso zitsononkho, makoko a nandolo ndi a nyemba, masamba a nthochi, ndi udzu wa mpunga kwa amene amalima kudambo. Zonsezi zinamera ndi chakudya chochokera m'nthaka, ndipo mbali ina ya chakudyacho ikadali m'kati mwake.

Nthawi yososa ikafika, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, utsi umangoti tolotolo m'minda. Anthu otentha mapesi si opusa ayi, ali ndi zifukwa zawo. Ena amati moto umapha kapuchi wobisala m'mapesi. Ena amaopa kuti zinyalala ziitana chiswe. Ena ntchito yokwirira imawachulukira, makamaka agogo amene alibe wowathandiza. Ndipo tisabise, moto wina umayatsidwa ndi anyamata osaka mbewa. Koma taonani chimene chimatayika. Mu utsi umene ukukwera kumwambawo mukupita nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwitsa chimanga, chomwe chija mlimi amakachigula ndi ndalama zambiri m'thumba la feteleza. Mukupitanso salufa. Imeneyi si nkhani yaing'ono kwa anthu a ku Mulanje, pakuti kale mu 1933 akatswiri awiri, Storey ndi Leach, anatulukira kuti tiyi wa m'dziko lino ankachita chikasu chifukwa nthaka inkaperewera salufa. Chotsala pamoto ndi phulusa lokha. Phulusa lili ndi ubwino wake, koma ndi lopepuka: mphepo ya mu Okutobala imaliuluza, ndipo mvula yoyamba imakokolola lotsalalo.

Mwina wina afunsa kuti, “Bwanji osangokwirira mapesiwo m'mizere?” Kuwojeka mapesi ndi nzeru yabwino ngati mlimi achita zimenezi msanga, atangokolola, dothi likadali ndi chinyezi. Koma akachedwa n'kukwirira mapesi ouma mvula ili pafupi, chimanga chake chimamera chachikasu ndi chonyozoloka. Chifukwa chake n'chakuti tizamoyo towoletsa mapesi timafunanso nayitirojeni. Tikapanda kumupeza m'mapesimo timabwereka wa m'nthaka, ndipo timadzabweza mochedwa chimanga chitavutika kale. N'chifukwa chake nkwabwino kuti kuwolako kuchitikire padera, pamulu, mbewu zisanadzalidwe.

Banja la bowa

Bowa ali ndi abale ake. Chuku chimene chimamera pa mkute woiwalika kapena pa buledi wokhalitsa ndi mbale wake. Yisiti wofufumitsa mandasi nayenso ndi wa banja lomweli. Asayansi amatcha banja lonseli kuti mafangasi. Kale anthu ankayesa kuti mafangasi ndi zomera, koma tsopano tikudziwa kuti ndi mtundu wa zamoyo wapaokha. Chomera chobiriwira chimadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Mafangasi sangathe kutero. Amadya zimene zamoyo zina zinapanga kale.

Nanga amadya bwanji popeza alibe kamwa ngakhale mimba? Apa ndiye pali zodabwitsa. Ife timameza nsima kenako n'kuigaya m'mimba. Mafangasi amayamba ndi kugaya, kumeza kumabwera pambuyo. Kaulusi kakagunda phesi kamatulutsa timadzi tamphamvu tosungunula phesilo, ndipo likasungunuka kamayamwa. Kakatero kamakula n'kulowerera m'kati, kamachita nthambi, nthambizo n'kuchitanso nthambi zina, mpaka phesi lonse litadzaza ndi ulusi. Kaulusi kamodzi n'kochepetsetsa kuposa tsitsi, kotero kuti pokaona bwino pamafunika maikulosikopu. Zoyera zimene timaona ndi maso zija ndi timaulusi tambirimbiri titaphathana.

Tathyolani phesi louma muone. M'kati mwake muli mtima wofewa, koma khungu lake ndi lolimba, lotha kukuchekani chala. Phesi linapangidwa makamaka ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi selulozi, chimene chimapezekanso mu thonje ndi m'mapepala. Chachiwiri ndi liginini, chimene chimamatirira selulozi uja monga momwe dothi limamatirira mitengo ya nyumba yophoma. Liginini ndiye amaumitsa mtengo. Mabakiteriya, amene ndi tizamoyo tina tosaoneka ndi maso, amadya msanga zofewa monga masamba aawisi ndi ndowe, koma pa liginini ambiri a iwo amagwira njakata. Akatswiri ogumula liginini ndi mafangasi, makamaka aja a mtundu wa bowa womera pa zitsa. Kukadapanda iwo, bwenzi mitengo yakugwa m'nkhalango itangounjikana osawola.

Mafangasi amafala ndi timbewu tating'onoting'ono tonga fumbi. Bowa mmodzi yekha amatulutsa timbewu mamiliyoni kuchokera kunsi kwa chipewa chake, ndipo mphepo imatimwaza ponseponse. Tikagwera pamalo pouma timangogona. Tikapeza chinyezi, mpweya ndi chakudya timamera.

Mlimi woyamba wa bowa

Munthu asanaganize n'komwe zopanga manyowa, chiswe chinali chitayamba kale. Anthu okumba chulu pofuna dothi loumbira njerwa amapeza m'kati mwake timapanga, ndipo m'timapangamo mumakhala zinthu zotuwa, zofewa, zabowolabowola ngati chisa cha njuchi. Imeneyo ndi minda ya chiswe. Chiswe chimatuta tizidutswa ta udzu wouma, mapesi ndi mitengo. Pachokha sichingathe kugaya bwino zinthu zolimbazi. Tsono chimatafuna, n'kumeza, n'kutulutsa msanga zisanagayike, ndipo ndi zimenezo chimaumba zisa zija. Pa zisazo pamamera ulusi wa bowa wa mtundu wake wapadera. Bowayo amafewetsa zolimba zonse, kenako chiswe chimadya chisa chofewacho pamodzi ndi timibulu toyera timene bowayo amabala.

Chiswe chimasamala mundawu kuposa alimi ena. M'kati mwa chulu simuzizira kwambiri ndipo simutentha kwambiri, chinyezi sichitha, ndiponso muli tinjira todutsa mpweya. Mvula ikagwa, ulusi uja umatumiza zipatso zake kunja. Ameneyo ndiye bowa wokoma wa pachulu, monga utale, amene amayi amalawirira m'mamawa kukazula. Mukamukumba mosamala mudzaona kuti ali ndi muzu wautali wolowa pansi, wochokera ku chisa cha chiswe. Brian Morris, Mngelezi amene paunyamata wake anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, anatulutsa buku lonena za bowa wa m'Malawi mu 1987, ndipo zambiri za maina ndi makhalidwe a bowayo anaziphunzira kwa amayi a m'midzi.

Choncho chulu chimatiphunzitsa zofunika zonse: zinyalala zikhale zoduladula, pakhale chinyezi, mpweya uzilowa, ndipo dzuwa lisawombe.

M'minda ya tiyi namonso muli phunziro. Pakapita zaka zingapo tiyi amadulidwa nthambi kuti aphukire bwino. Nthambizo sazitentha. Amazisiya pansi pakati pa mitengo ya tiyiyo kuti ziphimbe nthaka ndi kuwola pang'onopang'ono. Mutafukula pansi pake mudzapeza ulusi woyera uja uli pantchito.

Chuku chimene chinadya matenti

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inamenyedwa kuyambira 1939 mpaka 1945, asilikali a ku America anamanga misasa pa zilumba za Solomon, m'nyanja yaikulu ya Pacific. Kumeneko kumatentha ndiponso kumagwa mvula yambiri. Posakhalitsa anaona kuti matenti awo ndi zovala zawo za thonje zikufumbwa n'kumangong'ambika zokha. Mdani ameneyu analibe mfuti. Asayansi atafufuza anapeza kuti chinali chuku cha mtundu wotchedwa Trichoderma, chimene chimadya selulozi mwaukali. Poyamba ankafuna njira yochigonjetsera, koma pambuyo pake anazindikira kuti mdaniyu angathe kukhala wantchito. Lero timadzi ta chuku chimenechi timagwiritsidwa ntchito m'mafakitale, ngakhale pofewetsa nsalu za jinzi zimene achinyamata amakonda.

Trichoderma ali ndi mitundu yambiri, ndipo wochuluka amaoneka wobiriwira akakhwima. M'zaka za m'ma 1980 mayi wina wasayansi, Dr. Virginia Cuevas wa pa yunivesite ya ku Los Baños m'dziko la Philippines, anaganiza zothandiza alimi a mpunga amene ankatentha udzu wa mpunga akakolola. Iye ankameretsa chuku chimenechi pa utuchi wosakaniza ndi masamba a lukina, mtengo womwe uja timadyetsa mbuzi kuno kwathu. Mlimi ankawaza utuchiwo pa mulu wa udzu wa mpunga wosakaniza ndi ndowe. Manyowa amene ankatenga miyezi itatu kapena kuposerapo anayamba kupsa pa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi.

Ku India vuto ndi lalikulu koposa. Alimi a m'zigawo za Punjab ndi Haryana amatentha zitsa za mpunga mu Okutobala ndi Novembala pofuna kudzala tirigu msanga. Utsi wake umakafika mu mzinda wa Delhi, ndipo zaka zina sukulu zimatsekedwa chifukwa ana amalephera kupuma bwino. Mu 2020 akatswiri a zaulimi a ku Pusa, mu mzinda womwewo, anatulutsa makapisozi okhala ndi mitundu ingapo ya mafangasi. Mlimi amawasungunula m'madzi osakaniza ndi shuga wa nzimbe ndi ufa wa tchana, n'kudikira masiku angapo kuti chuku chichuluke, kenako n'kupopera m'munda. Pakatha masabata atatu kapena anayi zitsa zija zimakhala zitafewa. Ngakhale zili choncho alimi ambiri kumeneko sanasiye kutentha, chifukwa masabata atatuwo amawaona kutalika. Nzeru yatsopano siithetsa chizolowezi tsiku limodzi.

Kodi mlimi wa ku Mulanje adikire makapisozi ochokera kutali? Iyayi. Trichoderma ndi abale ake amapezeka m'nthaka pafupifupi kulikonse pa dziko lapansi, ndipo kwathu kuno aliponso. Fukulani masamba ofumbwa pansi pa mtengo wa mango, m'nthochi kapena pa tsinde la nsungwi, mudzaona ulusi woyera ndipo mudzamva kafungo kabwino ka dothi lonyowa. Manja ochepa a zofumbwa zimenezo, kapena a manyowa akale okupsa bwino, ndiwo mbewu ya mulu watsopano. Musakatape m'nkhalango ya m'phiri, pakuti ndi yotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927, ndipo mitengo ya mmenemo, monga mkungudza, imafunanso chakudya chake.

Kumanga mulu

Nthawi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi, anthu atangokolola, masamba aawisi akadalipo. Apa a ku Mulanje ndi amwayi. M'miyezi imeneyi, pamene maboma ena kwauma gwaa, kwawoko kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kochokera ku Mozambique, ndipo mulu suuma msanga.

Sankhani malo a mthunzi, pafupi ndi madzi koma posadikha madzi. Duladulani mapesi ndi chikwanje kuti akhale tizidutswa totalika ngati chala kapena chikhatho. Imeneyi ndiyo ntchito yotopetsa pa zonse, ndipo ambiri amailumpha. Koma phesi lathunthu lili ngati nyumba yotseka, khungu lake losalala limakaniza madzi ndi ulusi womwe. Mukalidula mwatsegula makomo. Nyowetsani zidutswazo, ngati n'kotheka zigone m'madzi usiku umodzi.

Pansi penipeni yalani mitengo ya nandolo kapena tinthambi kuti mpweya uzilowa chakunsi. Pakati imikani mtengo wowongoka. Tsono yalani mapesi onyowa aja, kuchindikala kwake masentimita ngati 20, m'lifupi ndi m'litali ngati mita imodzi ndi theka. Pamwamba pake ikani zaziwisi: masamba a lukina, a deliya, a nandolo, kapena udzu wosabereka njere. Kenako ndowe za mbuzi kapena za ng'ombe, ngakhalenso zitosi za nkhuku. Zaziwisi ndi ndowe ndizo zimapereka nayitirojeni uja tizamoyo timafuna, kuti tisakabwereke kwina. Tingati mapesi ndi nsima, ndipo zaziwisi ndi ndowe ndi ndiwo. Muyeso wabwino ndi magawo atatu a zouma pa gawo limodzi la ndiwozo. Mukatero wazani zofumbwa za pansi pa mtengo zija, ndi kaphulusa pang'ono chabe, chifukwa phulusa likachuluka limathamangitsa nayitirojeni ndipo mafangasi sakondwera nalo. Thirani madzi, ndipo bwerezani kuyala chimodzimodzi mpaka mulu ufike m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Osaupondaponda, ungatseke mpweya.

Madzi akhale okwanira bwanji? Tapani dzanja limodzi la zinyalalazo mufinye. Madzi akachita kuchucha, achuluka, ndipo mulu udzanunkha chifukwa mpweya wasowa polowa. Dzanja likakhala louma, madzi achepa, ndipo tizamoyo tidzagona. Pakangotuluka dontho limodzi kapena awiri pakati pa zala, ndiye kuti zili bwino.

Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira zingapo zotsirizira mulu. Pa njira ya chimato, mulu wonse amaumata ndi dothi ngati nkhokwe, n'kuzula mtengo wa pakati uja kuti patsale bowo lopumira ndi lothirirapo madzi. Dothilo limasunga chinyezi ndiponso limaletsa nkhuku kupalasa. Pa njira ya changu, mulu amangoufunditsa udzu kapena masamba a nthochi ndipo amautembenuza kawirikawiri. Dzina lake likunena lokha: manyowa amapsa msanga, koma thukuta lake ndi lambiri. Ena amakumba dzenje. Dzenje ndi labwino kumadera ouma, koma kumene mvula imachuluka ngati m'tsinde mwa phiri la Mulanje, madzi angathe kudzaza m'dzenjemo n'kumiza antchito athu aja.

Mulu ukangomangidwa, oyamba ntchito ndi mabakiteriya. Amadya zofewa mwaliwiro kotero kuti pakatha masiku atatu kapena anayi m'kati mumatentha, nthawi zina kufika madigiri 60. M'mawa wozizira wa mu Juni mudzaona nthunzi ikufuka pa mulu ngati pali moto. Kutentha kumeneku n'kwabwino, kumapha njere zambiri za udzu, mphutsi za kapuchi ndi tizilombo tina toyambitsa matenda. Mafangasi ambiri sapirira kutentha kotere, choncho amayamba akhala cham'mbali mozizirirako. Zofewa zikatha mulu umayamba kuzizira, ndipo nthawi yawo imakwana. Ulusi umalowerera m'kati n'kugwira zidutswa za mapesi zimene mabakiteriya anazilephera. Pambuyo pake pamabwera abongololo, nyongolotsi ndi tizilombo tina, kudzatsiriza.

Kuti mudziwe zimene zikuchitika m'kati, zikani ndodo yosongoka mpaka pakati, ikhalemo kanthawi, kenako muizule n'kuigwira. Ikakhala yofunda ndi yonyowa, ntchito ikuyenda. Ikakhala yozizira pa masiku oyambirira, ndiwo zachepa kapena madzi achuluka. Ikatuluka youma ndi yotuwa ngati yapakidwa phulusa, mulu uli ndi ludzu. Mulu wosamata uyenera kutembenuzidwa pakatha masabata awiri kapena atatu, za kunja zilowe m'kati, za m'kati zituluke kunja. Pamenepa mudzaona ndi maso anu mapesi atamangana ndi ulusi woyera, ena ali ndi mawanga obiriwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwana wofukula mulu tsiku ndi tsiku amangouziziritsa.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mulu umakhala utaphwa mpaka theka. Manyowa okupsa ndi akuda, ofumbutuka m'manja, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungathenso kuloza kuti ili linali phesi, ili linali tsamba.

Alimi ena amadyerera kawiri pa mapesi omwewo. Amawadula, n'kuwaphika ndi nthunzi mu mgolo kuti aphe chuku chosafunika, n'kuwalonga m'mapepala apulasitiki pamodzi ndi mbewu ya bowa wolimidwa wotchedwa oyisitara. M'kanyumba ka mthunzi ndi chinyezi ulusi umadzaza pepala lonse, ndipo pakapita masabata angapo bowa amatuluka m'mabowo. Banja limapeza ndiwo ndi ndalama ngakhale m'chilimwe. Bowa akaleka kubereka, mapesi otsalawo amakhala atafewa kale, ndipo akaikidwa pa mulu sachedwa kupsa.

Si onse abwenzi

M'banja lililonse simulephera kukhala wina wovuta. Pali bowa wotchedwa Armillaria amene amayambira pa zitsa za mitengo yodulidwa n'kukagwira mizu ya tiyi wamoyo mpaka kuupha. Leach yemwe uja anapeza m'zaka za m'ma 1930 kuti mtengo ukasendedwa khungwa mozungulira n'kusiyidwa kuti ufote usanagwetsedwe, mizu yake imatha chakudya ndipo bowayo sapezamo mphamvu. Palinso chuku cha pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino, chimene chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi ndi wopinimbiritsa ana. Chimanga chachuku sichiyenera kudyedwa ndi anthu ngakhale ziweto, ndipo kuphika sikuchotsa poizoniyo.

Pa mulu wa manyowa pamamera timabowa tosiyanasiyana. Timeneti ndi chizindikiro chakuti ulusi uli moyo, koma si ndiwo. Chaka ndi chaka m'dzinja timamva za mabanja amene adwala, ena kumwalira kumene, atadya bowa wosamudziwa. Mwana asadye bowa aliyense amene wamkulu wodziwa bwino sanamuone. Potembenuza mulu wouma yambani mwauwaza madzi, kuti fumbi la chuku lisakuloweni m'chifuwa, ndipo mukatha sambani m'manja ndi sopo. Kaufiti wokhala ndi njere ndi mbewu zodwala kwambiri musaziike pa mulu. Mapulasitiki, mabatire ndi magalasi nazonso ayi, pakuti palibe bowa wa m'munda amene angazidye.

Tinene zoona: dengu la manyowa lilibe chakudya cha mbewu chochuluka ngati dengu la feteleza, ndipo mapesi a munda waung'ono sangatulutse manyowa okwanira munda wonsewo chaka chimodzi. Koma manyowa amachita zimene feteleza sangathe. Amafewetsa dothi lofiira lolimba, amasunga madzi mvula ikadula, ndipo ulusi wa mafangasi umamanga tinthu ta dothi kukhala timibulu tosakokoloka msanga. Feteleza wochepa wothiridwa m'nthaka ya manyowa amagwira ntchito kuposa wothiridwa m'nthaka yoguga. N'chifukwa chake alimi ambiri masiku ano amaphatikiza ziwirizi. Ena amapanga manyowa otchedwa Mbeya, posakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, gaga ndi phulusa, n'kuzisunga m'thumba lomanga masiku 21.

Mulu womangidwa mu Juni kapena Julayi umakhala utapsa pofika Okutobala. Manyowawo asungidwe pamthunzi, ofunditsidwa, mpaka mizere itakonzedwa. Popeza ndi ochepa, asamwazidwe m'munda monse. Mlimi athire manja awiri pa phando lililonse n'kukwirira ndi dothi nthawi yomweyo kuti dzuwa lisawaumitse. Akapanda kukwanira, ayambire mbali ya munda imene chimanga chinakana chaka chatha, ndipo mbali inayo idzalandire chaka chamawa.

Mafunso

1. Kodi thupi lenileni la bowa limakhala kuti, ndipo limaoneka bwanji?
2. Chifukwa chiyani alimi a ku Mulanje sangathe kugoneka minda yawo monga ankachitira makolo?
3. Tchulani zakudya ziwiri za mbewu zimene zimatayika mapesi akatenthedwa.
4. Fotokozani mmene chiswe ndi bowa zimathandizirana.
5. Chifukwa chiyani chimanga chimachita chikasu mlimi akakwirira mapesi ouma mochedwa?
6. Mwazika ndodo pa mulu ndipo yatuluka youma ndi yotuwa. Kodi muchite chiyani?
7. Perekani matanthauzo a mawu awa monga awagwiritsira ntchito m'nkhaniyi: kuguga, mphanje, kuwojeka, kugwira njakata, phando.

Ntchito

M'magulu, tengani zitini zitatu zoboola kunsi ndipo muikemo mapesi oduladula. Choyamba chikhale chouma. Chachiwiri muzichinyowetsa. Chachitatu muzichinyowetsanso, koma muonjezeremo dzanja limodzi la masamba ofumbwa a pansi pa mtengo ndi masamba aawisi a lukina kapena a nandolo. Ikani zitinizo pamthunzi, muvindikire ndi tsamba la nthochi, ndipo muzilemba m'makope mwanu zimene mukuona Lachisanu lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi.